Dzina la Achimwene Lidatuluka M'kamwa Mwanga

Amayi anga, kaya kwacha bwanji kumeneko kumene mudatsogolako?

Kuno kwazizira. Mphepo ya chaka chino ikulowa mpaka m'mafupa, ndipo m'mawa mapiri a ku Ntchisi saoneka n'komwe, nkhungu yokhayokha. Ndikulemba ndili pakhonde kuno ku Mponela. Ana ali kusukulu, bambo a Chifundo ali pamakina awo osokera kumsika. Mudabwa kuti ndikutani pakhomo masana a Lachinayi. Ndikuuzani, koma ndiyambe ndi zabwino, paja munkati mlendo sauzidwa za maliro asanamwe madzi.

Mng'ono wanga Felesiya wachira ku Malomo, ndi mwana wamkazi. Ali ndi mphumi yanu yotakata ija, ndipo akamalira amakunga nkhonya ngati akufuna kutsutsa mlandu. Tamutcha dzina lanu. Kumudzi chimanga chachita bwino kumunda wakumtunda, koma wakumusi mbozi zidatidyera. Mtedza uliko wokwanira kusinjira ndiwo mpaka mvula. Nkhokwe yanu idagwa ndi mvula yoyamba, achimwene a Yohane adaluka ina pamalo pomwepo. Mbuzi yanu yamawanga idaswa ana awiri, ndipo sidasiye khalidwe lake lolowa m'khitchini. Chifundo ali Sitandade 6, akuimba kwaya. Madalitso wachoka mano akutsogolo, akamaseka amatseka pakamwa ndi dzanja.

Madzi mwamwa, amayi. Tsopano ndinene.

Mukukumbukira mmene kanema wathu adayambira? Aphunzitsi a Kamwendo atapuma ntchito, anzawo ankagula ng'ombe, iwo adagula kamera. Adapempha kachipinda kuseri kwa sitolo ya banja la a Rashidi, adaimika mlongoti paphiri, n'kulemba pachitseko ndi penti wotsala kuti Kanema wa Kumapiri. A Rashidi adasiyira mng'ono wawo sitolo n'kuphunzira kujambula. Ine ndinali nditangomaliza Folomu 4, ndikukazinga mandasi. Aphunzitsi adandimva ndikuwerenga mawu m'tchalitchi, ndipo adabwera kwathu ku Msakambewa panjinga kudzakupemphani. Inu mudawafunsa funso limodzi lokha, lakuti, “Kodi mwanayu azikanena zoona kapena zosangalatsa anthu?” Iwo adaseka n'kuti zoona zimasangalatsanso, bola kuzizolowera.

Tinkaulutsa maola ochepa madzulo. Mitengo ya mbewu, uthenga wa maliro, mbuzi zosochera, mpira wa m'midzi. Koma anthu adatizolowera ngati chitsime. Mlatho ukakokoloka ankabwera kwa ife. Mjigo ukawonongeka ankabwera kwa ife. Aphunzitsi ankati kamera iziloza kumene anthu akuloza, basi.

Inunso mudaonekapo. Tidabwera kudzajambula mmene munkasungira nyemba ndi phulusa, inu n'kukana kuti sitiyamba mpaka muvale mpango wanu wa kutchalitchi. Titaulutsa mudakaonera pagolosale, mudadziyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kufunsa anthu kuti, “Ndiye ine ndimayankhula mokweza chonchi masiku onse, inu osandiuza?”

Aphunzitsi atafa ziwalo, ana awo a mutawuni adagulitsa kanema kwa mpingo wina. Dzina lidasintha, lidakhala Mbandakucha. Mapemphero adachuluka, magule adachoka. A Rashidi adauzidwa kuti azivula kachisoti kawo akakhala pantchito. Adakana mwaulemu, ndipo sadawachotse ntchito chifukwa panalibe wina wodziwa mawaya. Ampingowo sanali anthu oipa, amayi. Ndidabwera kudzakudandaulirani, inu mukusenda chinangwa, ndipo mudati, “Khasu likasintha mwini limalima kumene mwini watsopano waloza. Iwe ungoonetsetsa kuti sukhala khasu.” Ndidaseka tsiku limenelo.

Mpingo utagawikana, adagula ndi a Chidzanja, ogulitsa feteleza aja. Iwo adautcha Diso la Alimi. Chimene ankafuna n'chakuti matumba awo azioneka pakanema pafupipafupi, zina zonse analibe nazo ntchito. Chaka chimenecho ndi chimene mudadwala n'kutisiya, choncho za eni ake achinayi simukuzidziwa.

Ngakhale ine sindikuwadziwa. Chaka chatha tidangouzidwa kuti a Chidzanja agulitsa. Mwini watsopano sadabwerepo, dzina lake silitchulidwa, timangoti Abwana. Adatitumizira manijala, a Mwale, bambo oyankhula motsitsa, onunkhira mafuta abwino. Adabweretsa makamera atsopano, adapaka penti, adamanga mpanda n'kuika alonda pageti. Kale mlimi ankalowa ndi matope kumapazi mpaka pamene ndimakhala. Tsopano ankayamba walemba dzina m'buku la pageti. Ine ndidakondwera ndi mpando wofewa, sindibisa.

Mvula itatha, kudambo kwathu kudafika anthu ndi waya waminga. Dambo lonse, kuyambira pamkuyu mpaka kumadimba a kumusi, pamodzi ndi dimba lanu limene achimwene akulima. Adati malowo adagulidwa ndi esiteti ina ya ku Ntchisi, ndipo adati eni madimba adavomera. Palibe adavomera. Patapita masiku, waya adapezeka atadulidwa mbali imodzi. Adadula ndani, mpaka lero sindikudziwa.

Amayi a m'mudzi adabwera kukanema monga ankachitira kale, atatsogozedwa ndi alamu anga, akazi a achimwene. Alonda adawakaniza, ine ndidatuluka kukakumana nawo pageti. Alamu adandigwira dzanja n'kuti, “Alamu, bwerani mudzajambule. Boma likaona lokha.”

Ndidakapempha kwa a Mwale ndikuyembekeza kuti akana. Iwo adamwetulira. Adati, “Pitani, mayi. Mujambule onse. Nkhope zioneke bwino, ndipo mayina mulembe.”

Ndidaona ngati masiku a aphunzitsi abwerera. Tidapita ndi a Rashidi. Anthu adaima m'mbali mwa waya, aliyense n'kumayankhula zakukhosi. Ena ankaopa kutchula mayina, koma ena ankawalimbitsa mtima kuti, “Mukuopa chiyani? Ameneyu ndi mwana wa Nachisale.” Dzina lanu ndi limene lidatsegula pakamwa pawo, amayi. Achimwene adaima kutsogolo, khasu paphewa, ndipo adati, “Dimba ili adalima agogo, adalima amayi, ndikulima ine. Sitidagulitse, sitidasaine. Akuti tidadula waya, koma ife waya sitidamukhudze.”

Titabwerera, a Mwale adalandira kamera ndi kope langa. Nkhani sidaulutsidwe tsiku limenelo, kapena mawa lake. Ndikafunsa ankati akuikonza.

Sabata isanathe, m'mudzi mudalowa galimoto yopanda nambala. Amuna adatsika ndi zithunzi m'manja, zithunzi za nkhope zimene tidajambula. Ankayenda khomo ndi khomo, kutchula munthu dzina lake lonse monga ndidalilembera m'kope, n'kumuuza kuti, “Tangobwera kudzakudziwani.” Sadamenye munthu. Koma Loweruka, anthu ali kumaliro m'mudzi woyandikana, chigafa cha fodya cha a malume a Lazaro chidapsa dzuwa likuswa mtengo. Iwo ndi amene adayankhula motalika kuposa onse.

A Rashidi ndi amene adazindikira. Adaona kalata ya esiteti imene anthu adapatsidwa, n'kuona kuti chidindo chake ndi chomwecho chimene chimakhala pa makalata athu a ntchito. Mwini waya ndi mwini kanema ndi munthu mmodzi. Adalowa mu ofesi ya a Mwale osagogoda. Mawu awo ndidawamva ndili panja. Adati, “Ine ndajambula pano pansi pa eni atatu Abwana anuwa asanabwere. Wina adandiletsa magule, wina adandijambulitsa matumba. Koma palibe adandisandutsa kazitape wa anthu anga.” Tsiku lomwelo adawachotsa ntchito.

Mawa lake adandipeza kumsika ndikugula matimati. Adandipatsa bokosi la machesi n'kuti, “Mwana wanga, kayatsire moto kunyumba, usatsegule pano.” Mkati munali kakhadi ka mu kamera. Anali atakopera zonse zimene tidajambula kudambo asanapereke kamera.

Patapita masiku atatu, adagundidwa ali panjinga yawo yamoto pamsewu wa ku Malomo, masana. Galimoto sidaime. Mwendo udathyoka pawiri. Nditakawaona kuchipatala ndidayesa kuwatonthoza kuti ngozi ilibe mwini, madalaivala a masiku ano ndi osasamala. Adandiyang'ana n'kuti, “Ine ndakalamba, ndimayenda m'mphepete mwenimweni mwa msewu. Galimoto imeneyo idandilondola m'mphepetemo.”

Kuyambira tsiku limenelo mtima wanga sudakhalenso m'malo. Bokosi la machesi ndidalibisa m'thumba la ufa, kenako ndidalichotsa n'kuliika kudenga, kenako m'nsapato ya Madalitso yothina. Paliponse pankaoneka ngati poonekera.

Lachisanu lapitali, kutatsala pang'ono kuti nkhani za madzulo ziyambe, a Mwale adandiitana. Adandipatsa pepala. Lidalembedwa kuti anthu a ku Msakambewa adapereka dambo mwa kufuna kwawo kuti kubwere chitukuko, koma pali kagulu ka anthu osokoneza kamene kakuwononga katundu, ndipo mtsogoleri wake ndi Yohane Chisale.

Ndidati, “Bwana, awa ndi achimwene anga. Bere limodzi.”

Adati, “Ndikudziwa. N'chifukwa chake muwerenge ndinu. Akamva kwa inu akhulupirira.”

Ndidati, “Koma si zoona. Ndinaliko.”

Sadakwiye. Adatenga cholembera n'kumachizunguza patebulo. Kenako adati, “Chifundo amaweruka nthawi yanji kusukulu? Ndimamuona akudutsa msewu waukulu atagwira mng'ono wake dzanja. Mwana waulemu. Koma msewu umenewu ndi woopsa, mayi. Mwaona zachitikira a Rashidi.”

Amayi, ine sindidawauzepo dzina la mwana wanga.

Ndidalowa mu situdiyo. Magetsi adayaka, kamera idandiloza. Ndidawerenga za mitengo ya soya, ndidawerenga za katemera wa nkhuku. Kenako lidafika pepala lija. Ndinkadziuza kuti ndilidumpha, ndinkadziuza kuti ndikhosomola n'kudzuka. Koma m'maso mwanga munali ana awiri ataima m'mbali mwa msewu, galimoto ikubwera. Pakamwa padatseguka pokha. Ndidawerenga lonse, ndi mawu omwe aja mudawanyadira, osaphonya chilembo. Dzina la achimwene lidatuluka m'kamwa mwanga. Ndikuwerenga, adaonetsa nkhope yawo, khasu paphewa, koma mawu awo anali atawadula. Kudangotsala akuti, “Tidadula waya.”

Nditatuluka ndidakasanza kuseri kwa mpanda. Mlonda adandipatsa madzi osandiyang'ana kumaso.

Loweruka sindidadzuke. Foni ndidazimitsa. Bambo a Chifundo sadapite kumsika, adakhala pamphasa pafupi nane. Sadandidzudzule. Adangoti, “Mayi a Chifundo, chachitika chachitika. Koma mlamu wanga asamve chifukwa chake kwa anthu ena. Pitani.”

Lamulungu ndidakwera kabaza kupita kumudzi, bokosi la machesi ndalimangirira m'chitenje. Ndikudutsa pamjigo, amayi a m'mudzi adasiya kucheza. Anthu amene adandinyamula ndili wakhanda ankayang'ana zidebe zawo. Mmodzi yekha adayankhula, osati kwa ine koma kwa mnzake, kuti, “Mwana wa Nachisale uja.” Mawu omwewo, amayi, koma adamveka ngati mwala.

Alamu adandilandira ndi madzi, adandiyalira mphasa, koma moni sadandipatse. Adangoloza ndi mutu kudambo. Ndidawapeza achimwene kunja kwa waya, pa kachigawo kamene kadatsala, akuthirira mpiru. Ndidagwada m'matope momwemo. Adapitiriza kuthirira mpaka mzere udatha.

Ndidawauza zonse. Za chidindo, za a Rashidi, za funso la a Mwale. Ndinkalira mpaka mawu kumasowa. Iwo adatula chothiririra pansi n'kukhala pa thunthu la nthochi.

Adati, “Tidaonera tonse pagolosale. Mudzi wonse udabwera, poti tinkadikira tsiku loti utiulutse. Ana anga anali kutsogolo.”

Ndidati, “Achimwene, ndikhululukireni.”

Kenako adati, “Tiyamike, ukadangondiimbira foni usanalowe mu situdiyo, ndikadakuuza kuti werenga. Ana ndi ana, dimba silingafanane ndi Chifundo. Chandiwawa n'chakuti udanyamula wekha, ngati ulibe mlongo.”

Mawu amenewo adandipweteka kuposa akadanditukwana.

Ndidamasula chitenje n'kuwaonetsa kakhadi. Adakagwira ndi zala zamatope mosamala ngati dzira la njiwa. Adandiuza kuti nkhani ya dambo ikakambidwa Lachiwiri likubwerali ku ofesi ya zamalo ku Dowa, ndipo a esiteti akuti akaonetsa zimene zidatuluka pakanema ngati umboni wakuti iwo adavomera okha kuti adadula waya. Adati, “Kakhadi aka n'kabwino, koma pakokha akanena kuti n'kopeka. A Rashidi ali gone m'chipatala. Pakufunika munthu woti akaime n'kunena kuti ndinaliko, ndidafunsa mafunso ndine, ndipo zimene ndidawerenga Lachisanu ndi bodza. Sindikukukakamiza. Ukakana sindidzakuda.”

Ndidatsanzika n'kunyamuka. Pobwerera ndidaima pamsewu n'kuyang'ana mitengo ya kumanda kumene mwagona. Ndidafuna kukufunsani, koma ndidachita manyazi ngakhale ndi mitengoyo. Ndidakumbukira tsiku lija njoka idalowa m'nyumba ife tili aang'ono, abambo kulibe. Mudaipha ndi mpini, ndipo nditakufunsani ngati simudaope mudati, “Mantha ndi mlendo. Mpatse mpando, koma usamupatse nyumba.” Ine Lachisanu ndidamupatsa nyumba ndi makiyi omwe.

Lolemba m'mawa ndidalemba kalata yosiya ntchito n'kuisiya pageti. Sindidalowe. Ndidangoima pang'ono kuyang'ana khoma. Penti watsopano wayamba kusupuka pakona, ndipo pansi pake pakuoneka zilembo za mayina akale, lina pamwamba pa linzake. Zaka zonse za utsikana wanga ndidazithera m'chipinda chimenecho. Anthu kumsika akunong'ona kuti Abwana akangothana ndi za dambo augulitsanso kanemayo, poti ntchito imene adaugulira ikhala itatha. Kaya adzagula ndani. Anthu a m'midzi sadzabweranso pageti paja, zimenezo ndiye ndikudziwa, ndipo ine ndidathandiza nawo kutseka.

Ndikuopa, amayi. Sindikufuna kukunamizani ngati ndalimba. Ana sayendanso okha, bambo awo amawaperekeza ndi kukawatenga, makina n'kumangokhala. Loweruka tiwatumiza kwa Felesiya ku Malomo, tawauza kuti akukaona khanda. Chifundo wandifunsa chifukwa chake sindikuonekanso pakanema, ndamuuza kuti pakhosi pandivuta. Dzulo masana galimoto idaima tsidya la msewu moyang'anana ndi khomo lathu, magalasi otseka, kwa nthawi yokwana kuphika nyemba mpaka kupsa. Palibe adatsika. Foni ikalira n'kuyankha, kumangomveka munthu akupuma. Njinga yamoto ikadutsa kuseri ndimadzidzimuka mpaka kugwetsa mbale. Mwina zina ndi maganizo anga chabe. Sindikuthanso kusiyanitsa.

Ndidapitanso kwa a Rashidi kukawauza zimene ndaganiza. Akazi awo anali pomwepo, akuwapukuta kumaso. Ndinkayembekeza kuti andilimbikitsa, koma adayamba ndi kundifunsa ngati ndaganizira bwino za ana. Nditati inde, adati, “Ndiye usapite wekha. Ukwere minibasi yodzaza, ukhale pakati, ndipo ukafika ukayankhule anthu ali ambiri. Zinthu izi zimakonda munthu akakhala yekha.” Alamu atumiza uthenga kuti amayi a m'mudzi adzandidikira pa siteji ku Dowa, tidzalowera limodzi. Moni sadandipatsebe, koma uthengawo atumiza okha.

Sindikudziwa ngati dambo libwerera. Achimwene akuti ngakhale lisabwerere, bola dzina lawo lichoke m'matope ana awo akuona. Sindikudziwanso kuti ndizidzagwira ntchito yanji. Chiwaya cha mandasi chikadalipo.

Dzuwa lapendeka, ndikumva mawu a Madalitso kumsewu, akubwera ndi bambo ake. Ndilekere pano ndikawalandire.

Ndimakukondani, amayi, ndipo ndakusowani sabata ino kuposa tsiku limene tidakuikani. Ndikulonjeza chinthu chimodzi chokha, chifukwa zambiri sindingakwanitse. Lachiwiri ndikaima pamaso pa anthu, ndipo ndikatchulanso dzina la achimwene. Ulendo uno ndikalitchula ndi zoona zake.

Ndine mwana wanu,
Tiyamike